Mabuku oti tiwerenge pamodzi ndi ang'ono athu



Pa tchuthi chapitachi tinagwirizana zosonkhanitsa ana Loweruka lililonse masana, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa holo ya parishi, kuti tiziwerenga nawo mabuku. Tinkayesa ntchito yophweka, koma tsiku loyamba lomwe tinaona kanthu kamene sikanatichoke mumtima.

Panabwera ana awiri ochokera mumpanda umodzi kuno ku Area 3. Wina amakhala m'nyumba yaikulu yakutsogolo. Chingerezi chake n'chosalala, ndipo kuchipinda kwake mabuku ali mbwee pashelefu. Titamupatsa nthano ya m'Chichewa kuti awerenge mokweza, anadodoma pamzere woyamba, anzake n'kuseka, iye n'kugwetsa nkhope. Mnzakeyo amakhala m'kanyumba kakuseri, pakuti bambo ake ndi amene amasamalira maluwa ndi kapinga. Iyeyu anawerenga mosajejema, koma titamufunsa buku limene amalikonda kunyumba, anayankha mwaulemu kuti alibe ngakhale limodzi, kupatula makope a kusukulu. Manyazi anagwira ife akuluakulu. Wina tamumana chilankhulo cha agogo ake, wina tamumana buku, chonsecho ana awiriwa amatulukira pageti limodzi.

Kuyambira tsikulo tinayamba kufunafuna mabuku oti onse awiri angakhale nawo pamphasa imodzi. Amene atithandiza ndi awa.

Kwa ang'onoang'ono, tinayamba ndi Galimoto, buku la zithunzi limene Karen Lynn Williams anatulutsa mu 1990. Nkhani yake inachitikira m'Malawi momwe muno: kamnyamata kotchedwa Kondi kakuyendayenda m'mudzi kutolera mawaya kuti kapange galimoto yakeyake. Mawu ake ndi a Chingerezi chosavuta, koma zithunzi zake mwana aliyense wa kuno amazizindikira. Titangomaliza kuwerenga, wa m'kanyumba kakuseri uja ndi amene anasanduka mphunzitsi, akuonetsa mnzake kapindidwe ka waya.

Kwa amene afika Sitandade 6 kupita m'tsogolo, mabuku a John W. Gwengwe sakalamba. Sikusinja ndi Gwenembe ndi nkhani ya abale awiri, ya nsanje, ndiponso ya choipa chimene chimakana kubisika. Kukula ndi Mwambo limafotokoza m'mene Achewa ankalerera mwana kuti akhale munthu pakati pa anzake. Makolo athu ambiri anawerenga mabukuwa kusukulu, choncho mwana akabwera nalo kunyumba, macheza a madzulo amayamba okha. Pambali pake tiikepo Nzeru za Kale, buku la miyambi la Stevenson Kumakanga. Mwambi umodzi patsiku ukwanira.

Kwa a ku sekondale tikutchula Nthondo, buku la Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, limene linatuluka mu 1933. Limatsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kumwalira, osabisa kupulupudza kwake kwa paunyamata ngakhale kutembenuka mtima kwake atakula. Chichewa chake n'chakale, ndipo mawu ena amafuna kufunsa agogo. Ife tikuona kuti ubwino wake wina uli pomwepo.

Pali mabuku enanso awiri a m'Chingerezi amene anakhudza ana kwambiri, chifukwa onse akunena za Amalawi amene buku linawatsegulira njira. Mu I Will Try, la 1965, Legson Kayira akusimba m'mene ananyamukira wapansi kuchokera kumpoto kwa dziko lino mu 1958, kufunafuna maphunziro, mpaka kukafika ku Khartoum, kenako ku America. Dzina la koleji imene inamulandira analipeza m'laibulale ku Kampala. Mu The Boy Who Harnessed the Wind, la 2009, William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu akusimba za njala ya 2001 ndi 2002, imene inamusiyitsa sukulu chifukwa chosowa fizi. Mnyamatayu sanakhale pansi: anabwereka buku la sayansi m'kalaibulale ka pasukulu ya pulayimale, ndipo ndi zitsulo zotola kudzala anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. Bukuli lilinso ndi mtundu wake wofupikitsidwa wa ana. Filimu yake ya 2019 ambiri anaionera, koma tinawauza kuti awerenge kaye, aone ndi maso a mumtima.

Wina afunsa kuti, mabukuwa tiwapeza kuti? Likulu la National Library Service lili ku City Centre, ulendo waufupi pa minibasi. Ena amapezeka kwa ogulitsa mabuku akale mu Old Town, ena ali m'masutikesi a makolo athu, akudyedwa ndi njenjete. Ife tinapeza atatu pongofunsa amayi a mumphakati wathu.

Komatu chachikulu chimene taphunzira n'chakuti kugulira mwana buku sikokwanira. Wa m'nyumba yaikulu uja mabuku anali nawo, chimene ankasowa ndi munthu wokhala naye pansi, foni itaikidwa patali. M'mera mpoyamba, anatero akuluakulu, ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Loweruka lomaliza la tchuthi, ana awiri aja anawerenga mutu umodzi wa Sikusinja ndi Gwenembe molandizana. Wodziwa Chichewa ankakonza mnzake motsitsa mawu, ndipo panalibenso woseka. Pobwerera kwawo, wa m'nyumba yaikulu anabwereka mnzake mabuku awiri a pashelefu paja.

Sabata ino tiyeni aliyense wa ife atenge buku limodzi, apeze mwana mmodzi, wa m'nyumba mwathu kapena wa kuseri kwa nyumba yathu, awerenge naye kwa mphindi 20 dzuwa lisanalowe. Amene muli ndi mabuku ongokhala, bwerani nawo Loweruka likudzali. Mphasa tiyala pansi pa mango pomwe paja.