Masiku omwe wodwala chiuno ankagonekedwa

Kalekale, munthu akamuika chiuno chachitsulo, bedi limasanduka mudzi wake. Mu 1962, John Charnley atayamba opaleshoniyi pachipatala cha Wrightington ku England, odwala ankakhala m'wodi masabata, anamwino akuwatembenuza, kuwasambitsa, mpaka kudziwana maina a ana. Charnley mwiniwake ankawalondola odwala ake kwa zaka zambiri, ndipo ena ankawapempha kuti akadzamwalira chiunocho adzamubwezere kuti aone mmene chathera. Ubale wotere pakati pa dokotala ndi wodwala lero ngosowa, ndipo ine ndimausirira.

Koma kugona kuja kunali ndi msampha. Mwendo ukangokhala duu, magazi amayenda mwaulesi m'mitsempha ya m'katumba ndi m'ntchafu, pomwe opaleshoni yapinda kale mtsempha waukulu ndipo thupi lovulazidwa likufulumira kuundanitsa magazi. Chibuluma cha magazi chikathothoka chimakatseka m'mapapo. Munthu amene dzulo amaseka ndi anzake, lero wabanika, wapita. Pa maopaleshoni oposa 7,000 oyambirira a ku Wrightington, pafupifupi mmodzi mwa odwala 100 aliwonse ankafa motero.

Lero wodwala amadzutsidwa tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndodo m'manja, misozi ili m'maso. Amavekedwa masokosi othina, amabayidwa jakisoni wa heparin pamimba, kapena kumwa aspirin kapena rivaroxaban kwa pafupifupi mwezi.  Pakapita masiku owerengeka, uyo kunyumba.

Apa ndiye pali nkhani, chifukwa ulonda womwe unali wa anamwino wagwera abale. Opaleshoniyi yachitikaponso ku Blantyre, pachipatala cha Beit CURE, ndipo kwathu kuno chikondi timachionetsa pomuletsa wodwala kugwira kanthu. "Gonani, agogo, musadzivute, phala tikubweretserani pompo." Mawu aulemu ndithu, koma magazi sawamva. Mdzukulu wabwino masiku ano ndi wovuta uja, wowayendetsa agogo mpaka pakhonde kangapo patsiku, wowakumbutsa mapiritsi ngakhale akunena kuti achira. Katumba akatupa mbali imodzi, kutentha ndi kuwawa, asamuthowe kapena kumusisita. Phuma likabwera mwadzidzidzi kapena chifuwa chikayamba kubaya, galimoto ifunidwe usiku womwewo.