Khoswe wa Pamkhate

Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mwambiwu ndinauloweza ndili kupulayimale, koma ndinaumvetsa patchuthi china kwa agogo ku Dedza.

Makoswe anali atalowerera m'chipinda chosungira chimanga. Usiku ankathamangitsana kudenga, m'mawa tinkapeza matumba atabooka. Agogo anagula tameki pamsika, uja amamanga m'timapepala topanda dzina, n'kusakaniza ndi usipa paphale. Kutacha tinatola makoswe awiri, nkhuku zitatu ndi mphaka. Mwana wa achemwali anga, wongoyamba kumene kukwawa, tinamupeza akulunjika paphale lomwelo. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umachita thi! Tameki ndi aldicarb, mankhwala ophera tizilombo m'munda, ndipo pang'ono chabe amapha munthu.

Ndinatenga paipi yakale yamadzi n'kuidula zidutswa zinayi, chilichonse chotalika ngati mkono. Pakati penipeni ndinamangirira ndi waya timibulu ta mankhwala a makoswe togula kusitolo ya zaulimi, kuti khoswe adyere momwemo osakokera kunja, komanso kuti mlomo wa nkhuku kapena dzanja la mwana lisafike. Mapaipiwo ndinawagoneka m'mbali mwa khoma, poti khoswe amayenda motsatira khoma, n'kuwapsinja ndi njerwa.

Panatha masiku atatu osaona mtembo ndi umodzi womwe.

"Kodi mdzukulu wanga, kuyunivesiteko mumaphunzira kumangira makoswe nyumba?" anandifunsa agogo.

Ndinawafotokozera kuti khoswe amayamba wakayikira chinthu chachilendo. Mankhwalawa nawo sapha pompopompo: amalepheretsa magazi kuundana, ndipo khoswe amafa patapita masiku angapo, motero anzake sachenjera nayo nyamboyo. Agogo anangoti "tiona". Patatha sabata ziwiri kudenga kunali zii, koma sanandiyamike. Anati mwina makoswewo anasamuka okha.

Chimene sindinaganizire ndi mbewa. Chichewa chimalekanitsa khoswe ndi mbewa: uyu ndi mdani, iyi ndi ndiwo. Mankhwala salekanitsa. Mbewa ya m'munda wa kuseri kwa nyumba ikhoza kudya nyamboyo n'kubwerera kuuna ili yamoyo, poizoni ali m'thupi. Makoswe akufa tinkawakwirira mozama kuti galu kapena kadzidzi asadye, koma mbewa yamoyo ndikanaitani? Ndinapempha asuweni anga kuti asakumbe pafupi ndi mudzi. Wamkulu anandiyang'ana, khasu lili paphewa, n'kundifunsa ngati ndiwo zamadzulo ndigula ndine.