Za Madotolo Athu, Mliri Utapita

Maliro akatha m'mudzi ife sitiiwala adzukulu. Iwo amene anakumba manda nasenza mtembo tiwapatsa madzi osamba ndi nsima, pakuti tidziwa kuti nchito yotere ilemetsa thupi ndi mtima womwe. Koma alipo anthu ena amene anaona imfa zambiri koposa adzukulu a mudzi uli wonse, ndiwo madotolo ndi anamwino a m'zipatala zathu. Ndipo tifuna kufunsana lero ngati iwo analandira madzi ao.

Nthenda ya COVID-19 inapezeka m'Malawi pa 2 April 2020, koma inakula koopsa m'mwezi wa January 2021. Pa 12 January nduna ziwiri za Boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo a Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko nthawi ija, analengeza kuti dziko liri pa tsoka. Odwala anacuruka kotero kuti bwalo la mpira la Bingu ku Lilongwe linasanduka cipatala. Mpweya uja wa m'mabotolo acitsulo, umene aucha okosijeni, unaperewera. Taganizani tsono dotolo amene aima pakati pa odwala obanika, adziwa bwino comwe cingawapulumutse, koma alibe. Usiku apita kwao ali ndi mantha kuti kapena watengera ana ace nthenda. Ena a iwo anakanizidwa kukwera minibasi, ena eni nyumba anafuna kuwaturutsa, ndipo m'madera ena anthu anawaponya miyala pa nkhani ya kuika maliro. Bungwe la World Health Organization liyesa kuti pa dziko lonse lapansi anchito a cipatala apakati pa 80,000 ndi 180,000 anafa ndi mliriwu kuyambira January 2020 kufikira May 2021.

Otsalawo sanapeza mpata wakupumula. M'mwezi wa March 2022 kunabuka kolera, imene inapha anthu oposa 1,700. Ndipo m'mwezi wa March 2023, kolera isanathe, namondwe wa Freddy anagumula mapiri ndi midzi ya kummwera. Pamene bungwe lija linanena pa 5 May 2023 kuti nyengo ya ngozi ya COVID-19 yatha, ife tinali titataya kale zophimba pakamwa, koma manja amene anasamala obanika ndi omwewo amene anatsuka akolera namanga mabala a ogwetsedwa ndi madzi.

Kutopa kotere sikutha ndi tulo ta usiku umodzi. Bungwe lomwelo linakulongosola m'caka ca 2019, nati zizindikiro zace ndi zitatu: mphamvu zitha, mtima utalikira nchito nuyamba kuipeputsa, ndipo munthu aona ngati zonse azicita ziri cabe. Caciwirico ndico citikhudza ife. Tifika ku cipatala, dotolo satilonjera, alemba mankhwala osatukula nkhope, ndipo pobwerera tiuzana panjira kuti ophunzira anyada. Sitinena kuti wonyoza odwala alekereredwe, iai. Alipo otere, ndipo ayenera kudzudzulidwa. Koma kawirikawiri nkhope youmayo ndi cipsera. Munthu amene analira odwala ace oyamba, ndi aciwiri, ndi akhumi, pomariza aumitsa mtima kuti athe kudzukanso mawa.

Kulemba anchito okwanira, kuwalipira pa nthawi yace, ndi kuwapatsa masiku opumula, ndiyo mbali ya Boma ndi ya eni zipatala, ndipo tiyenera kuwakumbutsa kosaleka. Koma mutu umodzi susenza denga. Iripo mbali yathunso. Tisagogode pa khomo la dotolo usiku cifukwa ca cimfine ca masiku atatu cimene tikadapita naco usana. Akabwera ku mapemphero tsiku la Sabata, timlole akhale munthu wamba pa mpando wace. Pakuti alipo ena mwa ife amene amdikira pa khomo la kacisi kuti amuonetse zironda ndi zotupa, iye asanapatse ngakhale moni akuru a mpingo.

Cina ncakuti, dotolo aona imfa zonse, koma ocira sawaonanso. Womwalira amwalira m'manja mwace; wocira anyamula mphasa yace napita, osabwerera. Motero m'mtima mwace muunjikana akufa okha okha. Mai amene mwana wace anacira, akapita naye tsiku la msika nakanena kuti, "Adotolo, mwana uja ndi uyu, ayenda," wapereka mankhwala amene sapezeka m'nkhokwe ya Boma.

Ndipo ngati dotolo kapena namwino ali mbale wathu, mwana wa m'mudzi mwathu, tipenyetsetse. Akasowa tulo masabata ambiri, akayamba kukhalira mowa, akaleka kuceza, makamaka akachula zakuti kuli bwino kufa, tisati ndi wophunzira adziwa yekha. Ambiri a iwo acita manyazi kupempha thandizo, poopa kuti anzao adzawayesa ofooka, ndi anthu adzawayesa amisala. Alipo aphungu ophunzira za nthenda za mtima ndi maganizo, monga a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, amene amva munthu m'tseri. Mbale wotere timlankhule poduka mphepo, anthu awiri kapena atatu amene iye awakhulupirira, ndipo tsiku lakupita kwa aphungu mmodzi wa ife amperekeze.