Chikombole cha Magazini Yathu

Anzanga ambiri akhala akundifunsa chifukwa chimene masamba a magazini ya chaka chino akufanana ngati ana a mimba imodzi, ndipo ena afika ponditcha wouma mutu. Tsono ndaganiza zofotokoza pano momwe zinayendera, kuti wofuna kundidzudzula andidzudzule atamva nkhani yonse.

Amene analipo chaka chatha akukumbukira kuti aliyense anatayipa nkhani yake monga mtima wake unafunira. Wina anasankha zilembo zazikulu ngati za pa chikwangwani cha golosale, wina zazing'ono zoti uziwerenge pepala lili pamphuno. Wina analemba dzina lake pamwamba, wina pansi, wina osalemba konse. Zonsezi tinangoseka. Koma panali chinthu chimodzi chosaseketsa. Mtsikana wina wa Fomu 1 analemba za agogo ake amene amagulitsa masamba mu msika wa Limbe, ndipo kunena zoona nkhani imeneyo inaposa zathu zonse. Dzina lake analiika pansi penipeni. Posanja masamba, mzere wotsirizawo unasowa malo nutayika, ndipo pansi pa nkhani yake panabwera dzina la mnyamata wa Fomu 4, amene analilemba pamwamba pa nkhani yake ya mpira yotsatira. Sukulu yonse inayamikira mnyamatayo. Mtsikana uja anali atasonkha ndalama monga tonsefe, nanyamula magazini kupita nayo kwawo ku Bangwe kukaonetsa agogo akewo, koma dzina loti awalozere munalibe. Ine ndinali mmodzi wa amene anasanja tsamba limenelo, ndipo manyazi ake sanandichoke kufikira lero.

Pamene anandisankha kukhala mkonzi, ndinalibe nzeru ina koma kungoti ndidzasamala. Nzeru yeniyeni ndinakaipeza pa tchuthi kwa amalume ku Chirimba, kumene amaumba njerwa. Ntchito yanga inali kuponda dothi ndi kunyamula chikombole kukakhuthula padzuwa. Tsiku lina nditatopa ndinadandaula kuti ntchitoyi ilibe luso, pakuti njerwa ya m'mawa ndi ya madzulo n'chimodzimodzi. Amalume anaseka nati, "Mphwanga, luso linathera pokhoma chikombolecho. Mmisiri akamamanga sayeza njerwa iliyonse payokha. Amakhulupirira ine, ndipo ine ndimakhulupirira matabwa awa. Chikombole chikapotoka, khoma lonse lapotoka."

Titatsegulira sukulu ndinawauza aphunzitsi athu a kompyuta mawu amenewa. Iwo anati chikombole cha olemba chiliponso, ndipo dzina lake ndi tempuleti. Anandionetsa pa foni yawo nyuzipepala za kuno kwathu zimene zimawerengedwa pa intaneti. Nkhani iliyonse imene anatsegula, kaya ya ndale kaya ya mpira, mutu unali pamalo amodzimodzi, kenaka dzina la mtolankhani ndi tsiku, kenaka chithunzi. Anati palibe munthu amene amakhala n'kusanja zimenezi tsiku ndi tsiku. Maonekedwe a tsamba amawakonza kamodzi n'kuwasunga paokha, ndipo wolemba amangothira mawu ake m'mipata yowakonzera. Akafuna kusintha mtundu wa zilembo amasintha pamalo amodzi, nkhani zonse n'kusinthika nthawi yomweyo, ngakhale zakale. Anatchula pulogalamu ya WordPress, imene inayamba mu 2003, kuti masamba ambirimbiri a pa intaneti amayendera njira imeneyi. Anawonjezanso kuti nzeruyi si ya lero ayi. Osindikiza akale a ku Mishoni ya Blantyre ankatola zilembo zachitsulo chimodzichimodzi ndi manja, nazimanga m'chimango cha muyeso wa tsamba. Chimene sichinalowe m'chimango sichinasindikizidwe.

Choncho tinakhala masana awiri m'chipinda cha makompyuta, tsiku limodzi magetsi atatithimira pakati pa ntchito, ndipo tinakhoma chikombole chathu. Mpata wa masentimita 2 m'mphepete monse. Madanga awiri pa tsamba. Zilembo za Times New Roman za saizi 12, ndi za mutu 18. Ndipo pansi pa mutu penipeni, mzere wa dzina la wolemba ndi fomu yake, umene ndinaulemba ndi zilembo zofiira kuti "DZINA PANO", kotero kuti wouiwala amaonekera patali.

Phindu lina sindinaliyembekeze. Wosindikiza wa ku Limbe anandiuza kuti amasindikiza pa pepala la A3 n'kulipinda pakati, ndipo pepala limodzi limatulutsa masamba 4 a A4. Motero magazini iyenera kukhala ya masamba 28, 32 kapena 36. Ukafika pa 33 walipira 36. Chaka chatha sitinkadziwa kuti nkhani idzadya malo otani kufikira tsiku lomaliza. Chaka chino ndinkadziwa kuti tsamba limodzi limanyamula mawu pafupifupi 500, ndipo ndinatha kuuza msungichuma wathu kuti ndalama zathu zikwana masamba 32, tisanakwere n'komwe minibasi ya ku Limbe.

Vuto linadza ndi mnzanga wapamtima wa ku Ndirande, amene takhala naye desiki imodzi kuyambira Fomu 1. Iye ndi mlakatuli. Nditathira ndakatulo yake m'madanga awiri aja, mizere yake yaitali inaduka pakati, mawu otsala n'kulendewera okhaokha pansi. Ataona anakwiya kwambiri. "Iwe," anatero, "sukulu inatipatsa yunifolomu ya thupi, tsono ukufuna kutiveka yunifolomu ya maganizo?" Ine ndinamuyankha mwamwano kuti lamulo ndi lamulo. Analanda ndakatulo yake, ndipo kwa masabata awiri tinakhala desiki imodzi osabwerekana ngakhale rula.

Mumtima ndinadziwa kuti sanali wolakwa kotheratu, koma ndinaopa kuti ndikamulola iye, aliyense adzafuna zake, ndipo tidzabwerera ku chisokonezo cha chaka chatha. Lamlungu lina ndinapita ndi amayi ku tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Mishoni. Tinafika msanga, ndipo podikira ndinayamba kuyang'ana makoma ndi maso a munthu amene waponda dothi mwezi wathunthu. Nyumba imeneyi inamangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891, motsogozedwa ndi M'busa David Clement Scott, yemwe uja analemba dikishonale ya Chimang'anja ya 1892. Iye sanaphunzire za zomangamanga, ndipo anthu a kuno amene anagwira ntchitoyo anaumba ndi kuotcha njerwa zake pomwepo. Ndadutsa pamenepo kambirimbiri osaona chimene ndinaona tsiku limenelo: njerwa zake si za mtundu umodzi. Zilipo za khoma wamba, zina zozungulira za nsanamira, zina zopendekeka za pamwamba pa mazenera, zina zokhala ndi zokongoletsa. Amati yonse pamodzi ndi mitundu 81. Komabe palibe njerwa imene inaumbidwa mwachisawawa. Mtundu uliwonse unali ndi chikombole chake, ndipo njerwa za mtundu umodzi zimabwerezedwa mzere wonse molingana.

Lolemba ndinakhoma zikombole zina ziwiri. Cha ndakatulo chili ndi danga limodzi lotakata, kuti mzere uthere pamene mlakatuli waufuna. Cha zithunzi ndi zotsatira za masewera chili ndi mabokosi. Mitundu 81 sitingaithe, ndipo magazini ya masamba 32 siifunanso. Koma pa zonse zitatu mzere wa dzina ndinausiya pamalo ake akale, ndipo pamenepo sindinalole kukambirana ndi munthu.

Ndinapita kwa mnzanga uja kukapepesa chifukwa cha mwano wanga, ndi kumuonetsa tsamba latsopanolo. Analiyang'ana nthawi yaitali, napempha kuti mutu wokha ukhale wa zilembo zopindikapindika. Ndinakana. Anabweretsa ndakatulo yake tsiku lomaliza, belu la madzulo litalira kale, ndipo muipeza pa tsamba 14. Kufikira lero amanena kuti ikanakoma koposa ndi zilembo zake zija.

Mtsikana wa ku Bangwe, amene tsopano ali Fomu 2, poyamba anakana kulembanso. Ndinamutuma mnzake kawiri, ndipo kachitatu ndinapita ndekha. Anavomera, koma anati ayambe waona tsamba lake lisanapite ku Limbe. Ndinamusindikizira pa makina a mu ofesi, ndipo anaika chala pansi pa mutu nawerenga dzina lake chilembo ndi chilembo. Anapeza kuti ndinaiwala "h" mmodzi. Tinakonza pomwepo iye ali chiimire, ndipo nkhani yake ili pa tsamba 9.