Chipata, Mzinda wa Takisi Yosamwa Petulo

Munthu wocokera ku Chadiza, ku Katete kapena ku Lundazi amadziwa kuti wayandikira Chipata akaona mapiri amene azinga mzindawu, mseu nkumapita pakati pao monga mmene munthu alowera pa cipata ca mpanda. Atsamunda anali kucha malowa Fort Jameson, koma dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964 dzina limenelo linacotsedwa. M'caka ca 2017 Chipata inakwezedwa kukhala mzinda waukulu. Ngakhale yakula motero, galimoto siinathe kulanda ufumu wa njinga m'miseu yake.

Mlendo akatsika basi ku Kapata, asanapukute ndi fumbi lomwe kumaso, amaona anyamata ataimika njinga zao mondandalika. Pa keliyala ya njinga iliyonse pali khushoni yokutidwa bwino, ndipo zina zili ndi tizitsulo topondapo mapazi ndi cogwirira ca wokwera. Capatali pang'ono paima magalimoto a takisi, eni ace akuzunguza makiyi pa cala. Mai amene wabwera ndi thumba la nshawa ndi mwana kumbuyo amayamba wafunsa mtengo wa galimoto. Akaumva amakhala cete, namasula mfundo ya citenje, nawerenga tindalama take, kenaka nkutembenukira kwa anyamata a njinga. Pamenepo mtengo aukambirana mwaulemu kufikira atamvana, thumba alimanga ndi mphira, ulendo nkuyambika.

Woyendetsa galimoto uja sakweza mtengo cifukwa ca umbombo wokha ai. Dziko la Zambia lilibe zitsime za mafuta. Petulo ndi dizilo zimagulidwa kunja ndi madola, ndipo zimayenda ulendo wautali kucokera ku madoko a kunyanja yamcere zisanafike ku cigawo ca Kum'mawa. Kwacha ikafooka, mafuta akwera. Mu December 2021 Boma linaleka kuthandizira pa mtengo wa mafuta, ndipo lita imodzi ya petulo inacoka pa K17.62 kufika pa K21.16. Kuyambira m'caka ca 2022 bungwe la Energy Regulation Board linayamba kuunika mitengoyi mwezi ndi mwezi, ndipo m'caka ca 2024 lita inapitirira K30. Mafuta akakwera, mwini basi ndi mwini takisi amatula katunduyo pamutu pa wokwera, ndipo wokwera wa kumudzi alibe wina womtulira.

Akuluakulu akali kukumbukira mabasi a United Bus Company of Zambia, amene onse anali kungoti UBZ. Anali mabasi a Boma, ofika ndi ku madera akutali, ngakhale kuti nthawi zina anthu anali kugona pa sitesheni masiku awiri kuwayembekeza. Kampaniyo inatha m'zaka za m'ma 1990, ndipo nchito yonyamula anthu inatsala m'manja mwa eni magalimoto, amene sangapite kumene kulibe phindu. Kuyambira pamenepo funso la anthu osauka lakhala limodzi: ndani adzanyamula munthu wa ndalama zocepa?

Ku Chipata yankho silinacokere mu ofesi. Linali kale m'makomo mwa anthu. Alimi a kuno akagulitsa nshawa, thonje kapena fodya, cinthu coyamba cimene ambiri anali kugula cinali njinga. M'masiku a Boma la UNIP mumzinda muno munali fakitale ya Luangwa Industries, imene inali kupanga njinga za Eagle, zodziwika m'dziko lonse. Masiku a fakitaleyo anapita, koma inasiya mzinda wa anthu odziwa kuchova ndi amisiri odziwa kukonza. Pamene nchito zolembedwa zinasowa, anyamata anaona kuti keliyala imene inali kunyamula matumba a cimanga ingathe kunyamulanso munthu wolipira.

Woyenda mumzindawu m'mawa amaziona njingazi zikutsika kucokera ku makomboni a Mchini, Nabvutika ndi Magazine. Zina zapita ku Saturday Market ndi madengu a tomato ndi repu. Zina zatula ogula ku Down Shops, kumene kuli masitolo akale a amwenye ndi mzikiti wao. Zina zanyamula ana a sukulu, aphunzitsi, ndi amai opereka cakudya kwa odwala ku cipatala cacikulu. Njinga imalowa m'tinjira ta m'komboni mmene galimoto singapite, ndipo imasiya munthu pakhomo peni peni.

Cinsinsi ca kuchipa kwake ncosabisika. Mafuta a takisi imeneyi ndi nsima, ndipo injini yake ndi miyendo ya munthu. Koma nayonso ili ndi zolipira zake. Si onse ochova amene ali ndi njinga zaozao. Ena amabwereka, ndipo dzuwa likalowa ayenera kupereka gawo kwa mwini wace asanaganize za ufa wa kunyumba. Matayala, machubu, masipoko ndi cheni zimatha msanga pa njinga yonyamula anthu tsiku lonse, ndipo zambiri mwa zitsulozi zimacokera kunja, motero nazonso zimatsata dola. Pansi pa mitengo ya m'mbali mwa mseu amisiri amakhala ndi pampu, beseni la madzi ndi guluu, kumata machubu amene amatidwa kale kambirimbiri. Caka ca cilala, monga ca 2024, ufa ukakwera, wochova amagwira nchito yomweyo ndi mimba yosakhuta. Wokwera amene anenerera mtengo kufikira utatsikiratu ayenera kudziwa kuti cimene wacotsapo ndi ndiwo za ana a mnzace.

Palinso malire amene njinga singadumphe. Chipata ndi mzinda wa zitunda, ndipo pokwera mtunda wochova amaimirira pa mapedulo, thukuta lili kamukamu, mwinanso nkupempha wokwera kuti atsike ayendeko pang'ono. M'dzinja tinjira timasanduka matope. Mai amene wayamba kumva zowawa za ubereki pakati pa usiku, kapena nkhalamba yosatha kukhala tsonga, safuna keliyala koma galimoto, ndipo pamenepo banja limagulitsa mbuzi kapena kukongola. Pa mseu waukulu njinga zimapanikizana ndi malole olemera opita ku malire a Mwami ndi ku Malawi, ndipo pakacitika ngozi wobvulala ndi wa panjinga.

M'zaka zaposacedwa njinga zamoto zaculuka, mumzinda ndi m'midzi momwe. Zimathamanga, zimakwera mapiri mosabvuta, ndipo zimafika kutali kumene wochova sangafike ndi kubwerako tsiku lomwelo. Koma walira mvula walira matope. Njinga yamoto imamwa petulo, motero mtengo wake umakwera pamodzi ndi wa galimoto, ndipo ngozi zake nzoopsa, makamaka pamene anthu atatu adzipanikiza pa mpando umodzi opanda zisoti.

Cimene Chipata ikuonetsa madera ena ncakuti ulendo wochipa ulipo, koma pali munthu amene amaulipira ndi thupi lace. Kuti upitirire, wochova afunika malo oimikapo odziwika, mbali ya mseu yoyendamo mosaopa malole, mabuleki ogwira, ndi nyale kapena cobvala cowala usiku. Ochova akagwirizana m'magulu amatha kusonkherana, kuthandiza mnzao wobvulala, ndi kugulira njinga amene akali kubwereka, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Dzuwa likamabisala kuseri kwa mapiri, mai wa nshawa uja amabwerera ku Kapata, thumba lace litasanduka mcere, sopo ndi makope a ana. Ndalama imene anapulumutsa posakwera galimoto ndiyo yakwaniritsa tikiti ya basi yobwerera kumudzi. Mnyamata amene wamtula amawerenga zimene wapeza, napatula za mwini njinga, nayang'ana tayala lakumbuyo ngati lingafike mawa. Kenaka amakankha njinga yace kukwera mtunda wa kwao, pakuti miyendo yatha mphamvu.