Bala la mfuti silisokedwa

Mwezi watha anandibweretsera mnyamata amene akuba anamuwombera pa msongolo. Abale ake anali atayamba adzera naye pa kakiliniki kena ka m'tauni, komwe anamusoka balalo ngati thumba la chimanga, n'kumuveka chikhakha kuchokera kuphazi mpaka m'ntchafu. Analipira zochepa, n'kumayamika kuti apeza dokotala wachifundo. Titang'amba chikhakhacho pa tsiku lachisanu, mafinya anali thothotho, fungo wodi yonse. Mtima unandiwawa, chifukwa mwendo umenewu ukanatha kuwonongedwa ndi ulusi, osati mfuti.

Ntchito ya mafupa ndinaiphunzira mu 1989, nkhondo ya ku Mozambique ili pachimake, pa chipatala china cha kumalire. Othawa nkhondo ankafika atanyamulidwa pa machira a mitengo, ena atagona masiku atatu m'tchire. Amene anandiphunzitsa anali bambo wachikulire, wosakonda zolankhulalankhula, wa manja akuluakulu koma ofatsa. Tsiku loyamba ndinaona kabala kochepa ngati nsonga ya chala, ine n'kutenga singano. Anandigwira dzanja. "Mwana wanga, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsegula uone." Nditatsegula ndinapeza mnofu wakuda, tizidutswa ta fupa ndi kansanza ka buluku. Chipolopolo cha AK-47 chimatuluka pa liwiro loposa mamita 700 pa sekondi, ndipo chikagunda fupa chimaliphwanya, n'kukokera litsiro m'kati. Bambowo ankanditsinitsa mnofu uliwonse ndi chopanira: ngati sukugwedezeka, sukutuluka magazi, mtundu wake wasintha, dula. Ankatha maola awiri akutsuka bala limodzi ndi madzi a mchere, nyali ya tochi ili m'manja mwanga magetsi akazima. Sindinawamvepo akudandaula za njala.

Za jakisoni wa kafumbata ndi penisilini sindichedwapo, aliyense amadziwa. Bala likayera timalisiya lotsegula, n'kudzalionanso pakatha masiku 4 kapena 5. Apa ndi pomwe external fixator, imene ife ku fiyeta timangoti felemu, imaposa chikhakha: fupa limagwidwa ndi zitsulo zokhala kunja, bala n'kukhala poyera kuti anamwino azilitsuka.

Luso lonse lili pa msomali. Pa msongolo wa munthu wamkulu ndimakonda misomali ya Schanz ya mamilimita 5, iwiri kumtunda kwa pothyoka, iwiri kumunsi, wina pafupi wina patali, koma osalowa m'bala. Ndimailowetsa mbali ya kutsogolo chakum'kati, pomwe fupa limamveka pansi pa khungu penipeni, kutali ndi mitsempha. Ndimayamba ndabowola ndi kachitsulo kakuthwa ka mamilimita 3.5, pang'onopang'ono, wina akudontheza madzi. Achinyamata amakonda makina a batire, kungoti fyuu, atha. Sadziwa kuti fupa limapsa. Likapsa limafa mozungulira msomali, pakatha milungu itatu msomaliwo wayamba kugwedera, mafinya alowa. Msomali weniweniwo ndimaupota ndi dzanja, chifukwa dzanja limamva: kulimba koyamba, kufewa kwa mafuta a m'fupa, kenako kulimba kwa khoma la tsidya lina. Ukamva mano awiri a msomali aluma khoma limenelo, ima. Khungu likakokeka pa msomali, ng'amba pang'ono limasuke, apo ayi wodwala sagona. Kenako ndimawongola mwendo, chala chachiwiri cha phazi chiloze pakati pa bondo, n'kumanga ndodo yolumikiza misomaliyo pafupi ndi khungu, kungosiya mpata wa zala ziwiri woti mwendo utupire.

Raoul Hoffmann wa ku Switzerland anapanga felemu yake mu 1938, ndipo Gavriil Ilizarov ku Kurgan anadza ndi ya mphete yotalikitsa fupa. Ife zathu zambiri ndi zopatsidwa, zomangira zake timawiritsa n'kugwiritsanso ntchito mpaka mano atatha. Ndiye zimandiwawa wodwala akapita kumudzi ndi felemu osabweranso, kapena gadiyani akapaka mankhwala a zitsamba pa misomali, kapena wina akaimasula ndi sipanala ya njinga poti ikumulepheretsa kuvala thalauzi. Ena amadandaula ndalama ya basi yobwerera kudzaonedwa, koma anali nayo yolipira osoka mabala. Felemu imodzi yosabwezedwa ndi mwendo wa munthu wina umene tidzausowere chogwirira.

Mnyamata uja tinamulowetsa ku fiyeta katatu, n'kumuika felemu. Dzulo ndinamupeza atakhala pa khonde la wodi, akutsuka yekha misomali yake inayi ndi kathonje, umodzi umodzi, monga momwe ndinamusonyezera. Ndinaigwedeza yonse ndi chala. Palibe ndi umodzi womwe umene unasuntha.