Dengu la Ababa

Ababa anga adali mphunzitsi, ndipo pansi pa tebulo lawo padali dengu. Mlendo aliyense ankaliyesa la zinyalala, poti mudali mapepala okwinyika okhaokha. Koma ife ana a m'nyumbamo tinkadziwa kuti dengu limenelo satayira kudzala. Ababa akalemba kalata n'kuona kuti mawu ake alasa kwambiri, ankaikwinya n'kuiponya m'menemo. Pakapita masiku atatu mumawapeza atagwada, akufufuza m'dengumo, kenaka akuwongola pepala lija pabondo. Amayi ankatiuza kuti, "Sesani paliponse, koma dengu la abambo anu mulisiye."

Nkhani yanga lero ndi ya kompyuta, abale anga, koma dengu limeneli mulisunge m'mutu.

Atapuma pantchito, ife ana tidasonkherana n'kuwagulira kompyuta yapatebulo, yogwirapo kale ntchito. Mudali mu 2011. Idali ndi Windows 7 ndi hard disk ya magigabaiti 500. Ababa adaphunzira kutaipa ndi zala ziwiri, ndipo ndi zala ziwiri zomwezo adayamba kulemba mbiri ya banja lathu: kumene makolo adachokera, amene adakwatira kwa yani, ndi ulendo wa agogo aamuna ku migodi ya ku Joni pa nthawi ya Wenela. Adatisiya mu 2019 asadatsirize. Kompyuta ija idabwera kwanga ku Chilomoni, ndipo idakhala pakona itafundidwa chitenje zaka zitatu, poti mtima wanga sunkalola kuiyatsa.

Tsiku limene ndidaiyatsa ndidapeza kuti yakalamba. Ukadina batani unkatha kutereka madzi, kumwa tiyi, n'kutsuka kapu iyo isadadzuke. Ndiye ndidati ndifune pulogalamu yoti iipepuze. Kungofufuza pang'ono pa intaneti, eee, ndidakhala ngati ndalowa mumsika wa Limbe tsiku lolandira malipiro. Uyu akuti yanga imathamangitsa makina ngati atsopano, uyo akuti yanga ndi yaulere, winayo wandiuza kale kuti makina anga ali ndi zolakwika zikwizikwi pamene sadawaone n'komwe. Munthu ungasankhe bwanji pamenepo?

Chimene sindinkadziwa n'chakuti mapulogalamu amenewa amagwira ntchito ziwiri zosiyana, ngakhale ogulitsa amakonda kuzimanga mtolo umodzi. Yoyamba ndi kusesa. Makina akamagwira ntchito amasiya timafayilo tosakhalitsa, zotsalira za masamba a pa intaneti amene mudatsegula, ndi zina zotero. Zimenezi zimadya malo, ndipo pulogalamu yosesa imazichotsa. Yachiwiri ndi kulongedza, imene eni ake amati defragmentation. M'kati mwa hard disk muli timbale tozungulira, kawirikawiri maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, ndi kamkono kowerenga kamene kamayenda pamwamba pake. Fayilo ikasowa malo okwanira pamodzi, makina amaidula n'kuika zidutswa zake apa ndi apo. Zili ngati banja lokwera basi yodzaza kale: bambo kutsogolo, mayi pakati, mwana wina kumbuyo kwenikweni. Kondakitala akafuna kuwerenga banjalo ayenera kuyenda basi yonse. Kulongedza ndiko kusuntha anthu mpaka banja lililonse litakhala pampando umodzi, kuti kamkono kaja kasamavutike n'kuyendayenda.

Amene mudagwirapo Windows 95 kapena 98 mumaofesi mukukumbukira timabokosi tamitundumitundu tija timene tinkasuntha pagalasi, ife n'kumangoyang'ana ngati tikuonera kanema. Imeneyo ndiyo idali defragmentation. Kusesa kumataya, kulongedza kumangosuntha. Ndikadadziwa kusiyana kumeneku msanga, nkhani ino sikadalembedwa.

Loweruka lina kudabwera mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa kukoleji wozitsata za makina. Adati, "Malume, zimenezo n'zosavuta, mphindi khumi basi." Adakopera pulogalamu ina yosesa, dzina lake ndilisunga poti mlandu sudali wake. Pagalasi padatuluka mndandanda wa timabokosi, tonse tochongedwa kale. Ine sindidawerenge, iyenso sadawerenge. Adadina, ndipo posakhalitsa pulogalamu ija idalengeza monyadira kuti yachotsa magigabaiti 6 a zinyalala. Tidaombera m'manja. Mnyamata uja adati, "Tsopano tipange defrag, izigwira usiku wonse." Dzanja lili pa mausi, magetsi thii! Tidadandaula monga timachitira tonse. Lero ndimati ndi tsiku lokhalo m'moyo wanga limene kuzima kwa magetsi kudandikomera.

Madzulo ake ndidaimbira foni amayi kumudzi, ndili pa kandulo. Ndidawauza monyada kuti makina a ababa tawasesa, ayera mbee. Amayi adakhala chete pang'ono, kenaka adafunsa, "Nanga dengu lija mwalisiya?"

Ndidaseka. Ndidati, "Amayi, dengu lili konko kwanu, ine ndikunena za kompyuta."

Iwo adati, "Iyayi mwananga. Abambo ako ankati m'makinamo mulinso dengu. Ankaseka kuti azungu anawadziwa khalidwe lawo, anawaikira dengu lawolawo. Zimene sanakhutire nazo ankaika m'menemo kuti adzazionenso."

M'mimba mwanga mudazizira. Recycle Bin! Kachithunzi kake ndi kadengu ka zinyalala ndithu, ndipo fayilo ukaiponya m'menemo siitayika, imangodikira. Ababa adaligwiritsa ntchito monga ankachitira ndi dengu la pansi pa tebulo. Ndidamuimbira mnyamata uja. Adayankha motsitsa mawu, "Malume, kabokosi ka Recycle Bin kanali kochonga."

Magetsi atayaka ndidatsegula foda ya mbiri ija. Mudali mitu inayi yokha, yomwe ababa adaiona kuti yapsa. Ina yonse, imene ankaibwereza mpaka mwezi umene adagonekedwa m'chipatala, idali m'dengu. Ndipo dengu lidali mbee, monga ndidawauzira amayi.

Usiku umenewo sindidagone. Lolemba m'mawa ndidanyamula bokosi lonse pa minibasi mpaka kwa mkulu wina wokonza makompyuta m'tauni, m'kachipinda kodzaza mawaya. Adamvetsera nkhani yanga osandidula, ndipo funso lake loyamba lidali lakuti, "Defrag munapanga?" Nditati ayi, adapumira m'mwamba. Adati, "Bambo, muli ndi mwayi. Musawayatsenso makinawa."

Adandifotokozera motere. Fayilo ikafufutidwa pa hard disk, zolembedwa zake sizichoka nthawi yomweyo. Makina amangolemba m'kaundula wawo kuti malo aja tsopano alibe mwini, ndipo zolembazo zimakhalabe pomwepo mpaka china chitadzalembedwa pamwamba pake. Tsono defragmentation ntchito yake ndi kusuntha zidutswa n'kuziika m'malo opanda mwini. Ikadayenda usiku uja, ikadapondaponda pamene padali mawu a ababa. Adawonjeza kuti ngakhale kungosiya makina ali chiyakire n'koopsa, chifukwa kuyambira pa Windows Vista ya 2007, Windows imadzilongedza yokha sabata iliyonse popanda kukufunsani.

Mkuluyo adachotsa hard disk ija, adailumikiza ku kompyuta yake, n'kuyendetsa pulogalamu yobwezeretsa mafayilo yotchedwa Recuva. Zimene zinkapezeka ankazisungira pa fulashi, osati pa hard disk yomweyo. Ndidakhala pa benchi maola atatu ngati munthu wodikira wodwala kunja kwa chipinda cha opaleshoni. Mwa mafayilo 31 a ababa, 27 adabwerako athunthu. Anayi adatseguka ali zilembo zosamveka. Umodzi mwa iwo udali mutu wa agogo ku Joni, umene ababa adaulemba kuchokera pa zimene adamva ndi makutu awo ali mwana. Palibenso wamoyo amene angaufotokoze.

Pambuyo pake ndidabwerera ku funso langa loyamba lija, loti ndisankhe pulogalamu iti, koma tsopano ndili wodekha. Paja akulu adati safunsa adadya phula. Ndidafunsa, ndidawerenga, ndipo zimene ndidapeza zidandichititsa manyazi pang'ono: zida zimene ndinkazifuna kumsika zidali kale m'nyumba. Windows ili ndi chosesera chake, Disk Cleanup, kuyambira pa Windows 98, ndipo Windows 10 ndi 11 zili ndi china chotchedwa Storage Sense. Chida cholongedzera nacho chilimo kuyambira kale. Pa Windows 8 ya 2012 adachipatsa dzina lakuti Optimize Drives. Zonsezi n'zaulere, ndipo adazipanga ndi omwewo amene adapanga Windows. Malangizo a Windows 7 ankati muyambe mwapima, ndipo mulongedze ngati kumwazika kwapitirira 10 peresenti. Nditapima makina a ababa, chiwerengero sichidafike n'komwe pamenepo. Ndiye kuti defrag imene ikadafafaniza mbiri ya banja lathu sinkafunika n'komwe.

Sindikunena kuti mapulogalamu onse akunja ndi oipa, ayi. Alipo odziwika, monga CCleaner ndi BleachBit, amene anthu ambiri amawagwiritsa ntchito. Koma pulogalamu yosesa mumaipatsa makiyi a zipinda zonse, choncho muyenera kuidziwa bwino ndi kuitenga kwa eni ake enieni. Ngakhale odziwikawo ngozi imawagwera. Mu 2017 akuba a pa intaneti adalowetsa kachilombo mu CCleaner 5.33, ndipo anthu oposa mamiliyoni awiri adaikopera isadadziwike. Nanga kuli bwanji ija imene imangotulukira pagalasi n'kumakuopsezani ndi zilembo zofiira kuti mulipire lero lomwe? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Palinso ena amene amalonjeza kutsuka registry, kaundula wamkulu wa Windows. A Microsoft eni ake adanena poyera kuti savomereza mapulogalamu oterowo, poti akafufuta mzere wolakwika makina akhoza kukana kudzuka.

Chinanso, muyambe mwadziwa chimene chili m'mimba mwa makina anu. Makompyuta ambiri a masiku ano alibe timbale tozungulira tija. Ali ndi SSD, imene imasunga zinthu monga imachitira fulashi. M'menemo mulibe kamkono koyendayenda, choncho kumwazika kwa zidutswa sikuichedwetsa kwenikweni, ndipo kuilongedza mobwerezabwereza ndi pulogalamu yakunja n'kungoiperepesa, poti SSD ili ndi malire a maulendo amene ingalembedwe. Mukatsegula Optimize Drives imakuuzani mtundu wa chosungira chanu, ndipo Windows imadziwa yokha chochita ndi mtundu uliwonse. Dziwaninso kuti pa SSD chofufutidwa chimapita msanga, ndipo mwayi umene ine ndidaupeza suchitikachitika.

Nanga kuchedwa kuja kudatha bwanji? Mkulu wa mawaya uja adawonjezera RAM n'kuikamo SSD, ndipo makina adayamba kudzuka madzi asadawire. Adandichenjezanso kuti a Microsoft adasiya kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020, choncho ndisamailowetse pa intaneti mwachisawawa. Matenda ake adali ukalamba, ndipo tsache silichiza ukalamba.

Hard disk yakale ija ndidaikulunga m'chitenje chomwe chija, ili m'sutikesi pamodzi ndi satifiketi za ababa. Mafayilo 27 aja ali malo atatu: pa makina, pa fulashi, ndi kwa mlongo wanga ku Lilongwe. Imeneyi ndiyo ntchito yoyenera kuyamba munthu asadakhudze pulogalamu yosesa iliyonse, ndipo ine ndidaichita pomaliza. Masiku ano ndikamasesa makina ndimavala magalasi n'kuwerenga kabokosi kalikonse, kamodzikamodzi, makamaka ka Recycle Bin. Pulogalamu imadziwa kukula kwa fayilo ndi tsiku limene idalembedwa, koma singadziwe kuti pepala lokwinyika ili mwini wake akadali nalo ntchito.

Mnyamata uja adatha miyezi iwiri osaponda pakhomo panga. Nditamuitana adafika atazyolika, n'kuyamba kupepesa. Ndidamuuza kuti, "Mphwanga, iwe unadina, koma amene anakulira pafupi ndi dengu lija ndine. Woyenera kukumbukira ndinali ine." Tsopano Loweruka lililonse amabwera, timakhala pa makina omwewo, iye akutaipa, ine ndikuwerenga zimene agogo ake adasiya. Tikafika pa mutu wachisanu ndi chinayi timalemba nambala yake, n'kusiya tsamba lopanda kanthu, kenaka timapitirira.

Mwezi watha ndidapita kumudzi. Dengu lija likadali pansi pa tebulo, ndipo amayi amalipukuta fumbi osachotsamo kanthu. Ndidagwada monga ankagwadira ababa, n'kuyamba kuwongola mapepala pabondo, limodzilimodzi. Ambiri ndi makalata opita ku ofesi ya penshoni. Koma ababa ankakonda kuyamba ndi pensulo asadapite pa makina, ndipo sindidafike pansi pa dengulo. Ndibwererako pa Khirisimasi.